Tinkati ndi malungo

Mankhwala ndinagula ndine. Ndiyambe ndi kuvomera zimenezi, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa kwathu achibale amandikomera mtima n'kumati "tinalakwitsa". Koma amene anatsikira ku golosale ya pakona madzulo aja, mu Disembala 2017, n'kubwerako ndi mapilisi okulunga m'kapepala, ndinali ine, malume wake wa mwanayo.

Mnyamatayo anali ndi zaka 7. Mayi ake, omwe ndi achemwali anga, ankakhala ku Makata ku Ndirande, ali ndi pakati pa miyezi 7, ndipo alamu anali ku Joni. Mwana atayamba kutentha thupi ndi kudandaula mutu, tonse m'nyumbamo tinatchula mawu amodzi: malungo. Mawu amenewa m'Chichewa ndi onyenga. Thupi likangotentha timati malungo, matenda obwera ndi udzudzu timatinso malungo. Ndiye munthu akati "mwana ali ndi malungo" wangonena zimene dzanja lake lamva pachipumi, koma khutu limamva ngati matenda apezeka kale, miyendo n'kulunjika kogula mankhwala.

Zifukwa zosapitira kuchipatala tinali nazo, ndipo zinkamveka zanzeru. Mvula inali pakati, njira zonse matope. Achemwali miyendo inali itatupa, moti kukakhala pabenchi kuyambira mbandakucha sakanatha. Ine ndinali ndi ntchito ku Limbe, ndipo bwana samva za mwana wa mlongo wako. Komanso m'kapu ya pa kabati munali LA wotsala, amene wina m'nyumbamo anasiya kumwa atangopezako bwino. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo akamwedwa bwino satsala. Kupezeka kwake m'kapumo kunali kulakwa koyamba, ife tinangowonjezera kwachiwiri. Tinam'patsa mwana LA uja pamodzi ndi panado. Patapita masiku anayi thupi likutenthabe, ndi pamene ndinapita kwa wagolosale, iye n'kundiwerengera mapilisi khumi a bakitirimu ngati akuwerenga maswiti.

Panado ndi wabodza wabwino. Amatsitsa kutentha kwa maola ochepa, mwana n'kudzuka, n'kumwako phala, akulu n'kumati "wayamba kuchira". Madzulo thupi lija limatenthanso kuposa dzulo. Sabata yachiwiri mnyamatayo analeka kudya, anasiya kupita kuchimbudzi, ankangogona chopinda miyendo pamphasa, maso ali pamalata. Ife tinati malungo a chaka chino ndi ouma mutu.

Usiku wina m'sabata yachitatu anakuwa atagwira pamimba, kukuwa kumene sindinamvepo kwa mwana. Kenako anangoti zii. Chete ameneyo ndi amene anatiopsa. Kutacha ndinam'bereka kumsana ngati khanda, achemwali akutsatira pang'onopang'ono, mpaka ku chipatala chaching'ono cha m'dera lathu.

Mzere unalipodi, wautali monga tinkaopera, koma sitinaimepo. Namwino wina amene ankayenda m'mabenchi kuyang'ana ana mmodzimmodzi anationa tikulowa, nayang'ana nkhope ya mwanayo, n'kutikodola kuti tilowe. Kuyendera mzere kotere si chifundo cha munthu mmodzi ayi, ndi ndondomeko. Inakhazikika kuno ku Blantyre komwe, ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene timati Kwinzi, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaona kuti ana ambiri ankamwalira tsiku lomwe afika, ena akudikira pamzere. Anaphunzitsa anamwino kusankha msanga mwana wodwalitsitsa kuti athandizidwe poyamba, ndipo bungwe la WHO linafalitsa njirayi ku mayiko ena pa dzina loti ETAT. Ife amene tinkaopa mzere sitinkadziwa kuti mwana wodwala chonchi sadikira.

Namwinoyo anam'baya chala, nadontheza magazi pa kachida koyezera malungo. Podikira zotsatira anam'vula malaya n'kum'gwira pamimba. Inali yofufuma ngati ng'oma, yolimba gwa, ndipo mwana anabuula ngakhale anangom'khudza pang'ono.

"Bambo, wayamba liti?"

"Sabata yathayi," ndinanama.

Anandiyang'ana, kenako anatembenukira kwa achemwali. "Mayi, ndiuzeni zoona. Wamwa chiyani mwanayu?"

Achemwali anaulula zonse, LA, panado, bakitirimu, ndi masiku ake. Namwino sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangolemba m'buku la kuchipatala, nam'yika diripi, natiuza kuti asadye kapena kumwa kalikonse, ngakhale dontho la madzi. Pa kachida kaja panatuluka mzere umodzi wokha, kutanthauza kuti sikanapeze malungo. Analemba kalata yotitumiza ku Kwinzi.

Madzulo omwewo anam'chita opaleshoni ku Mercy James, chipatala cha maopaleshoni a ana cha pa Kwinzi pomwepo, chimene chinali chitangotsegulidwa mu Julayi chaka chomwecho. Matumbo anali atabooka. Matendawo anali tayifodi. Tizilombo take timalowa m'thupi kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo tikasiyidwa timapanga zilonda m'matumbo ang'ono. Nthawi zambiri ndi m'sabata yachitatu pamene chilonda chimabooka, zam'matumbo n'kutayikira m'mimba. Kukuwa kwa usiku kuja kunali kumeneko.

Ndinafunsa dokotala wachinyamata amene ankayendera wodiyo chifukwa chake bakitirimu sanathandize, poti ndi mankhwala opha tizilombo. Yankho lake linandichititsa manyazi kwambiri kuposa maso a namwino uja. Kuyambira cha mu 2011, ku Blantyre kunafala mtundu wa tayifodi umene sumva mankhwala atatu akale aja: amokisilini, chloramphenicol ndi bakitirimu. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, amene amayeza magazi a odwala pa Kwinzi, ankapeza odwala tayifodi pafupifupi 14 pa chaka zaka za m'mbuyomo, koma mu 2014 anapeza 782, ndipo pafupifupi onse anali a mtundu wosamva mankhwalawo. Mapilisi anga khumi aja anangodutsa. Zotere si zachilendo kwa ife. Chloroquine anatha mphamvu mpaka dziko lino linam'siya mu 1993 n'kutenga Fansidar, ndipo Fansidar nayenso anafooka, LA n'kulowa m'malo mwake mu 2007. Mankhwala amatha mphamvu tikamawamwa mwachisawawa, theka lero, theka mwezi wa mawa, ndipo kapu ya pa kabati ija inali mbali ya ntchito imeneyo.

Za kumene anatengera matendawo, aliyense wa ku Ndirande angaganize yekha. Madzi akasiya kutuluka pa kiyosiki, anthu amapita ku zitsime zosaya ndi ku mtsinje wa Nasolo, pamene zimbudzi zokumba zili pamtunda pomwepo, ndipo mvula ikagwa zonse zimatsetserekera kumodzi.

Pa wodi ndinaona ntchito ya unamwino imene sitiiona tikamadandaula za mizere. Kuyeza kutentha usiku wonse, kuwerenga mkodzo wotuluka, kutsuka bala, kubaya jakisoni pa ola lake, kukakamiza mwana wolira kuti akhale tsonga ndi kutsokomola kuti chibayo chisam'gwire. Mmodzi wa anamwinowo ndi amene anaona achemwali akunjenjemera pa mpando wa odikirira odwala, tsiku lachisanu, atadzifunditsa chitenje masana dzuwa lili phwee.

"Amayi, mwayamba liti kumva chonchi?"

"Ndi kutopa chabe, a nesi. Ndimwa panado."

"Muli ndi pakati inu. Dzukani, mukayezetse pompano."

Anawatumiza ku Chatinkha, mbali ya amayi oyembekezera. Ine mumtima ndinali nditagamula kale kuti ndi tayifodi, poti ndinali nditangophunzira dzina latsopano. Kachida kaja kanatulutsa mizere iwiri. Anali malungo enieni, a udzudzu. Kutentha thupi komweko, mutu womwewo, nyumba imodzi, koma matenda awiri osiyana, ndipo kawiri konse ine ndinaphonya. Mayi wapakati malungo amam'gwira mosavuta, amam'chepetsa magazi, ndipo angachititse kuti mwana abadwe wochepa thupi kapena masiku asanakwane. N'chifukwa chake ku sikelo amapereka neti, mapilisi owonjezera magazi, ndi Fansidar woteteza amene mayi amamwera pamaso pa namwino. Namwino atatsegula buku la achemwali anapeza kuti mwezi umenewo sanapite ku sikelo. Anali kunyumba, akudwazika mwana ndi mankhwala anga. Anawapatsa LA, wathunthu ulendo uno, ndipo anawalangiza kumwera mkaka kapena chakudya chamafuta kuti agwire bwino ntchito. Ndinkawerenga ndekha mapilisiwo mpaka lomaliza.

Mnyamatayo anatuluka patatha sabata zitatu, miyendo ili ngati bango. Mu Febuluwale 2018, bala lake lisanapole bwino, ofufuza anayamba kuyesa katemera watsopano wa tayifodi ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, pa ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12. Anapeza kuti amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse. Mu Meyi 2023 boma linam'pereka m'dziko lonse kwa ana osakwana zaka 15, ndipo tsopano khanda limalandira likakwanitsa miyezi 9. Mwana amene achemwali anali naye m'mimba nthawi ija, mtsikana, anabayidwa pa kampeni imeneyo ali ndi zaka 5. Anam'perekeza ndi mchimwene wake, yemwe anakweza malaya kuonetsa anzake apamzere chipsera chochokera pamwamba pa mchombo kutsika m'munsi.

Golosale ija ikadalipo. Mwezi watha ndinalowamo kukagula mayunitsi, ndipo patsogolo panga panali bambo wina atanyamula chikwama cha kuntchito, akufunsa mtengo wa bakitirimu. Anati ndi wa mwana, thupi latentha kuyambira Loweruka. Ndinam'gwira paphewa n'kumufunsa ngati ali ndi kanthawi pang'ono.