Nyali za LED ndi Fulasha Yake: Malangizo kwa Eni Njinga Zamoto Zakale a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Kwa inu nonse amene muli ndi njinga zamoto zimene zakutumikirani zaka zambiri, kaya ndinu a kabaza odikira anthu pa msika wa Mitundu, kaya alimi onyamula mtedza ndi mbatata kupita nazo ku Nathenje, kaya amakanika okonza njingazi pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, takulemberani kapepala kano kuti tikudziwitseni za zipangizo ziwiri zazing'ono, babu la LED ndi fulasha yamakono, zimene zikaikidwa pamodzi ndiponso mwadongosolo zimatsitsimutsa maindiketa a njinga yokalamba, kuti iye amene akudza pambuyo panu adziwe msanga kumene mwalinga.

Pakuti taonani, msewu wa M1 umene udutsa pa Nathenje umanyamula mabasi ndi malole ochokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Blantyre, amene chifukwa cha kulemera kwawo sangathe kuima pafupi. Ndipo popeza m'dziko lathu timayenda kumanzere, munthu wofuna kukhotera kumanja ayenera kuchepetsa liwiro pamaso pa onse omutsata, nadula njira ya onse odza kutsogolo. Zili momwemonso pa msewu wopatuka ku M1 kudzera ku Bunda mpaka ku Mitundu, kumene njinga yamoto imayenda pakati pa ngolo za ng'ombe, maminibasi ndi njinga zakapalasa zosenza makala. Kutambasula mkono kumathandiza masana. Koma usiku, kapena m'fumbi la mwezi wa Okutobala, kapena m'chifunga cha mamawa a mwezi wa Juni, mkono suoneka, ndipo dzanja lamanja likachoka pa chogwirira, injini imafooka pa nthawi yomwe woyendetsa aifunitsitsa.

CHIFUKWA CHAKE MAINDIKETA AKALE AMAFOOKA

Njinga zambiri zimene kale zinkayendera alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, monga Yamaha DT125, Yamaha AG ndi Honda XL125, pamodzi ndi zina zopangidwa motsanzira Honda CG125, zinabwera ndi mababu agalasi okhala ndi kawaya kopyapyala m'kati mwake, kamene kamawala chifukwa chakuti magetsi akapsereza mpaka kuyera. Babu lotere limadya mawati 10, ndipo lina lalikulu limafika 21, koma gawo lalikulu la mphamvu imeneyi limathera m'kutentha. Tsono injini ikamalira pang'onopang'ono pa mphambano, makina odzaza batire satulutsa magetsi okwanira, ndipo batire likakhala lotopa maindiketa amangoti nyezinyezi, kapena amayaka osaphethira konse. Kuwonjezera apo, misewu yafumbi yolowera kumidzi ya kufupi ndi Dzalanyama imagwedeza njinga kosalekeza, ndipo kawaya kotentha kaja sikachedwa kuduka.

BABU LA LED

M'babu la LED mulibe kawaya kopsa, koma muli timadontho tolimba timene timatulutsa kuwala magetsi akangodutsamo. Loyamba lowala mooneka ndi maso, lofiira, analipanga Nick Holonyak ku America m'chaka cha 1962, ndipo akatswiri atatu a ku Japan amene anapeza njira yopangira la buluu, limene linatsegula khomo la nyali zoyera zimene tili nazo lero m'matochi ndi m'nyumba za sola, analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014. Babu la indiketa la mtundu uwu limadya mawati awiri kapena atatu okha, limayaka nthawi yomweyo popanda kuchedwa, ndipo siliopa mabampu. Chotero batire limapuma, hutala imamveka bwino, ndipo nyali ya buleki imatsala ndi magetsi okwanira.

Koma ubwino womwewo wa kudya pang'ono ndiwo umabala vuto limene lakhumudwitsa anthu ambiri, amene atagula mababu anayi atsopano ndi kuwaika, anapeza kuti maindiketa ayaka osazima, kapena aphethira mothamanga mopanda tanthauzo, nayesa kuti wogulitsa wawanyenga. Safunsa anadya phula. Cholakwa sichinali m'mababu, koma m'kabokosi kakang'ono kobisika pansi pa chishalo kapena kuseri kwa chivundikiro cha batire, kamene amakanika amakatcha fulasha.

NTCHITO YA FULASHA

Fulasha ndiyo imadula ndi kulumikiza magetsi kuti nyali iziphethira. M'kati mwa yakale muli kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomamatizana, kamene magetsi opita ku mababu akakatenthetsa kamapindika ndi kudula njira, ndipo kakazizira kamabwerera ndi kuilumikizanso; apo ndi pamene pamachokera kaphokoso kaja ka thethe, thethe. Kachitsuloka kali monga chivundikiro cha mphika wa nyemba, chimene chimadumphadumpha pokhapokha moto uli wokwanira pansi pake. Mababu awiri akale a mbali imodzi amakoka magetsi okwanira kukatenthetsa, koma a LED amakoka ochepa kwambiri, kotero kuti kachitsuloko kamangokhala chete. Mafulasha ena akale, opangidwa mwa njira ina, akaona magetsi achepa amathamangitsa kuphethira, pakuti anapangidwa kuti atero pochenjeza woyendetsa kuti babu lina lapsa.

Fulasha yamakono ya LED imawerenga yokha nthawi, ndipo kuphethira kwake sikudalira kuchuluka kwa magetsi amene mababu akukoka. Muyeso wovomerezeka m'maiko ambiri ndi wakuti indiketa iphethire pakati pa ka 60 ndi ka 120 pa mphindi imodzi, ndipo fulasha yabwino imasunga muyeso umenewu injini ikhale ikulira pang'ono kapena kwambiri. Chifukwa chake lamulo loyamba ndi ili: wogula mababu a LED agule ndi fulasha yake tsiku lomwelo.

Alipo ena amene m'malo mosintha fulasha amamangirira pa waya wa indiketa kachipangizo kachitsulo kokhala ndi mizeremizere, kotchedwa resistor, kuti kazidya magetsi amene babu lakale linkadya. Njira imeneyi imaphethiritsa nyali ndithu, koma imabwezera batire katundu yemwe uja mumafuna kulitula, ndipo kachipangizoko kamatentha mpaka kusungunula pulasitiki ndi mawaya oyandikana nako. Pa njinga yakale sitikuilimbikitsa.

ZOYENERA KUONA MUSANAGULE

Choyamba, werengani pa batire kuti mudziwe ngati njinga yanu ili ya mavoti 6 kapena 12, pakuti zambiri zakale ndi za 6, ndipo babu kapena fulasha ya 12 sizigwira bwino pamenepo, pomwe za 6 zimapsa zikaikidwa pa 12.

Chachiwiri, batire likhale lamoyo, ndipo makina olidzaza akhale olongosoka. Pa njinga ya mavoti 12, mita yoyezera iyenera kuonetsa pakati pa 13 ndi 14.5 injini ikulira. Ikapyola 15, konzani kaye kachipangizo kosunga muyeso wa magetsi, kotchedwa regulator, chifukwa magetsi opyola muyeso amapha LED msanga. Njinga imene mwini wake anachotsa batire, namangoiliza ndi kiki, isaikidwe zipangizozi mpaka batire litabwezeretsedwa.

Chachitatu, pamene mupita kumasitolo a zipangizo za njinga mu mzinda wa Lilongwe, monga a mu msewu wa Malangalanga kapena ku Biwi, nyamulani babu lakale limodzi ndi fulasha yakale m'thumba, kuti muyerekeze ndi maso anu. Tako la babu lili ndi timapini tiwiri m'mbali: pa mtundu wa BA15S tili moyang'anizana ndendende, pa BAU15S kamodzi kanapatuka pang'ono, ndipo mitundu iwiriyi silowana. Onaninso kuti babu latsopano silikutalika koposa malo a m'kati mwa galasi. Fulasha nayo ina ili ndi miyendo iwiri, ina itatu. Gulani yolembedwa LED ndi yolingana ndi pulagi ya njinga yanu.

Chachinayi, kuseri kwa galasi la mtundu wa lalanje ikani babu la mtundu womwewo, pakuti loyera limatuluka lotuwa ndi losaoneka bwino dzuwa likamawala. Nyali zabuluu, zofiira kapena zosinthasintha mitundu, zimene anyamata ena amakongoletsa nazo njinga, si maindiketa, ndipo zimasokoneza oyendetsa anzanu.

KACHITIDWE KAKE

1. Imikani njinga pamalo osalala, zimitsani kiyi, ndipo masulani waya wa batire wa mbali ya chizindikiro chochotsera, kuti sipanala ikakhudza chitsulo fyuzi isapse.

2. Tsegulani magalasi anayi, ndi kusunga timasikuluwu m'kambale. Chotsani babu lililonse polikanikiza pang'ono ndi kulipotoza kumanzere. Suzumirani m'chisa chake: pansi pali kadontho kamkuwa kokhala pa sipuling'i, ndipo m'njinga zimene zaona mvula zambiri mumapezeka dzimbiri lobiriwira ndi dothi lofiira louma. Palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pakuti LED, pokhala yodya pang'ono, imasokonezeka ndi dzimbiri lochepa lomwe.

3. Limbitsani waya wa ethi wa indiketa iliyonse, ndiwo wobwezera magetsi ku chitsulo cha njinga. Pa njinga zambiri ethi imadutsa m'bawuti yogwira indiketa ku chitsulo cha njinga, ndipo bawutiyo ikakhala yolobodoka kapena yadzimbiri, nyali imayaka lero nkuzima mawa.

4. Lowetsani mababu atsopano. LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, choncho pa indiketa ya mawaya awiri, babu likakana kuyaka, sinthanitsani mawayawo musanaliweruze kuti lafa. Njinga zakale kwambiri za ku Britain, monga BSA ndi Triumph, zambiri zinkalumikiza mbali yophatikiza ya batire ku chitsulo, ndipo zimenezo zifuna mababu ndi fulasha zakezake.

5. Zulani fulasha yakale ndi kuika yatsopano. Mwendo wolembedwa B, kapena X, kapena 49, ulandira magetsi ochokera ku kiyi. Wolembedwa L kapena 49a upita ku swichi ya pa chogwirira. Wachitatu, ngati ulipo ndipo walembedwa E kapena 31, upita ku ethi. Pa Honda, waya wochokera ku kiyi ndi wakuda, wopita ku swichi ndi wotuwa, ndipo ethi ndi wobiriwira. Pa Yamaha, wochokera ku kiyi ndi wabulawuni, wopita ku swichi ndi wabulawuni wokhala ndi mzere woyera, ndipo ethi ndi wakuda. Koma njinga imene yapita m'manja mwa amakanika ambiri imakhala ndi mawaya olumikiza a mitundumitundu, choncho tsimikizani ndi mita kapena ndi kababu koyesera.

6. Bwezeretsani waya wa batire, yatsani kiyi, ndipo yesani kumanzere ndi kumanja, poyamba injini ili chete, kenaka ikulira. Tumani mnzanu akaime patali masana dzuwa lili pamutu, akuuzeni ngati akuona bwino kutsogolo ndi kumbuyo.

NGATI NYALI ZONSE ZINAYI ZIPHETHIRA PAMODZI

Pa njinga zambiri zakale pali kababu kamodzi kokha pafupi ndi sipidomita, kokumbutsa woyendetsa kuti indiketa ili chiyakire, ndipo kanalumikizidwa pakati pa waya wa kumanzere ndi wa kumanja. M'masiku a mababu akale, timagetsi todutsa m'kababuka kupita mbali inayo tinali tochepa kosatha kuyatsa kanthu. Koma kwa LED n'tokwanira, kotero kuti mukalozera kumanzere, kumanjanso kumayaka. Ichi n'choopsa koposa kusowa indiketa, chifukwa wotsata pambuyo sadziwa kumene mupita.

Mankhwala ake ndi tizipangizo tiwiri totchedwa diode, ta nambala 1N4007, timene okonza mawailesi ndi mafoni amatidziwa bwino. Kalikonse ndi kakuda, kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo kali ndi kamzere kotuwa kumapeto kumodzi. Chotsani mawaya awiri a kababu kaja; lumikizani diode imodzi ku waya wa kumanzere ndi inayo ku wa kumanja; malekezero okhala ndi kamzere muwaphatikize pamodzi ndi kuwapititsa ku mwendo umodzi wa kababuko, ndipo mwendo winawo upite ku ethi. Pa Honda wa kumanzere ndi wa mtundu wa lalanje, wa kumanja ndi wabuluu wowala. Pa Yamaha wa kumanzere ndi wabulawuni woderapo, wa kumanja ndi wobiriwira woderapo. Polumikiza ponse muwotcherere ndi mtovu ndi kukulunga bwino ndi tepi ya magetsi, pakuti mawaya ongopotokola ndi zala amamasuka pa mabampu, ndipo madzi a mvula ya Januwale akalowapo ntchito yonse imawonongeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha; amene sakhulupirira manja ake pa gawo ili apite nayo njinga kwa makanika wodziwa za magetsi.

MAWU OTSIRIZA

Nyali yowala siichotsa udindo wa woyendetsa. Yatsani indiketa mukadali patali ndi pokhotera, yang'anani pagalasi ndi kucheuka, ndipo mukatha kukhota muizimitse. Pakuti mafulasha ambiri amakono salira monga akale, ndipo n'kwapafupi kuyenda mtunda wautali mukunamiza okutsatani. Pukutani magalasi m'mawa uliwonse, ndipo katundu wa pambuyo, likhale thumba la chimanga kapena dengu la tomato, asaphimbe nyali. Malamulo a pamsewu afuna kuti zizindikiro za galimoto ndi njinga yamoto zikhale zogwira ntchito, ndipo apolisi a pamsewu ali ndi mphamvu yoziyang'ana. Koma choposa chindapusa ndi moyo wa mayi ndi mwana amene akwera pambuyo panu, nakhulupirira kuti muwafikitsa kwawo amoyo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chifukwa chake tikupemphani, inu atsogoleri a masiteji a kabaza ku Mitundu ndi ku Nathenje, kuti muwerengere anzanu kapepala kano pa msonkhano wanu, ndi kuika tsiku loyendera njinga zonse za pa siteji imodzi ndi imodzi, kuti pasapezeke njinga yonyamula munthu maindiketa ake ali akufa.