Kuzizira kwa pa Lufita: zoyenera ndi zosayenera

Juni akangolowa pa Lufita nkhope zimasintha. Mphepo imalowa mpaka m'mafupa, fumbi lili koboo pamsika, ndipo munthu amene mu Malichi ankaseka mpaka misozi lero akuyankha moni ndi mphuno. Ku America madokotala anakupatsa dzina kukhumudwa kwa m'nyengo yozizira mu 1984, ndipo kumakula kwambiri kumayiko komwe usana umafupika zedi. Kuno kwathu, ngakhale pa 21 Juni, tsiku lalifupi kuposa onse, usana umapitirira maola 11. Dzuwa lilipo, mphwanga. Ukulithawa ndiwe. Nzeru uli nazo, koma poti chaka chatha ndinakuona, tamvera.

Zoyenera

- Dzuka ukaothere dzuwa kukhonde, ngakhale theka la ola, poti kuwala kwa m'mawa ndiko kumauza thupi kuti kwacha ndipo usiku tulo timabwera pa nthawi yake.
- Gwira ntchito yotulutsa thukuta, kaya kudimba kaya kuwaza nkhuni, chifukwa thupi likatentha mtima umapepukako.
- Tonolera chimanga pabwalo pamodzi ndi anzako, kuti miseche yabwino ikuchotse maganizo.
- Tenthetsa madzi usambe, ndipo udzole mafuta, poti munthu wotuwa ngati wagona paphulusa amadzida yekha.
- Funda m'mimba: phala la mawere, mbatata yootcha, nyemba zotentha, tiyi wa mandimu. Njala ndi chisanu zikakumana zimabala ukali.
- Otherani moto panja kapena m'khitchini yopita mphepo, nonse pamodzi, chifukwa nthano za agogo zimakoma mu Julayi.
- Pa kaunjika yamba wasankhira ana majuzi, zipewa ndi masokosi, poti mwana akadwala chibayo nyumba yonse imada kukhosi.
- Pita kukwaya, kubawo, kumpira, kubanki m'khonde, ngakhale usakufuna. Amene akunyinyirika popita ndiye amabwerako akuimba.
- Zonda mnzako amene wasowa pamsika masiku atatu, chifukwa wokhumudwa saitana anthu.
- Masabata awiri akatha usakugona bwino, chakudya chisakukoma, zomwe unkakonda zili zii, kwera galimoto upite kuchipatala chachikulu pa boma la Chitipa. Amenewo ndi matenda ndipo amachizika. Ku Mzuzu kulinso a St John of God omwe ntchito yawo ndi yomweyi.

Zosayenera

- Usadzikwirire m'bulangete mpaka 10 koloko, poti tulo ta masana ndi ngongole yomwe umabweza usiku uli maso gwa kudenga.
- Usakhale chikhalire pa benchi ya golosale manja ali m'khwapa, chifukwa mphepo imakonda munthu wongokhala.
- Usakhuthulire mavenda nkhokwe yonse pofuna kudzipepesa mtima ndi kandalama ka lero. Mu Juni chimanga chimatsika mtengo, ndipo mu Januwale udzachigula chomwecho ukulira.
- Usapangane udani ndi madzi mpaka Ogasiti. Ife okhala nawe pafupi m'tchalitchi tikuvutika.
- Usafunde kachasu. Uyu ndiye wonama wamkulu: amatsegula mitsempha ya pakhungu, iwe n'kumamva kutentha pamene kutenthako kukuthawa m'thupi. Ukagwa m'ngalande usiku wa Julayi sudziwa n'komwe kuti ukuzizidwa, ndipo ukadzuka nkhawa ija ili pomwepo, yabwera ndi mnzake mutu.
- Usagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, ngakhale makala atafiira bwanji osatulutsa utsi. Mpweya wake suoneka, sununkha, umangokugonetsa osadzukanso. Izi sindikuseka.
- Usamangire khanda mabulangete mpaka kumphuno, poti likufuna kupuma kuposa kufunda.
- Usagone ndi foni pankhope ukuona zithunzi za anzako ali kunyanja ku Karonga atavala malaya opanda manja, chifukwa iwowo sakujambula udzudzu wawo.
- Usauze mnzako kuti "limba mtima, ndiwe mwamuna" kenako n'kunyamuka. Khala pansi, tseka pakamwa, umve. Akanena zoti moyo wamukwana, usamusiye yekha ndipo usasunge chinsinsi chimenecho. Uza akuluakulu, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.
- Usathamangire kuloza chala azakhali kuti akulodza chifukwa choti wangoti ndwii osalankhula. Iwonso akuzizidwa, ndipo bulangete lomwe unawalonjeza chaka chatha sanalione.