Timabomba Todikira Khasu

Mlimi wa fodya kuno ku Chulu akamaunda mizere, khasu likagunda chinthu cholimba amangoti ndi mwala kapena chitsa. Kwa anansi athu a ku Tete, ku Mozambique, kwa zaka zambiri chinthucho chinkatha kukhala bomba.

Tiyeni timvetse kaye mmene zida zotchedwa cluster munitions zimagwirira ntchito. Taganizirani thumba la mbewu litang'ambikira m'mwamba. Bomba lalikulu, mzinga kapena chipolopolo cha mfuti zikuluzikulu chimatseguka chisanafike pansi, n'kumwaza timabomba makumi kapena mazana pamalo oposa bwalo la mpira. Vuto n'lakuti tina sitiphulika. Timagwera pamatope kapena paudzu wofewa, n'kukhala phee, kudikira woti atikhudze.

Mu November 1977, ndege za Rhodesia zamtundu wa Canberra zinaponya timabomba totchedwa Alpha pamisasa ya ZANLA ku Tembue, m'chigawo cha Tete, ndi ku Chimoio. Ndege imodzi inkanyamula 300. Tinali tobulungira, topangidwa kuti tinjanje pansi kenako n'kuphulika. Kodi mwana wodyetsa mbuzi akapeza kanthu kobulungira kotere m'tchire, amatani? Amakatola. Nkhondoyo inatha kalekale, koma Mozambique inamaliza kuchotsa zotsalira za zida zamtunduwu mu 2016.

Ku Laos zinthu n'zoopsa kwambiri. Pakati pa 1964 ndi 1973, dziko la America linaponyako timabomba pafupifupi 270 miliyoni, ndipo pafupifupi 80 miliyoni sitinaphulike. Alimi a mpunga akuvulalabe mpaka lero.

N'chifukwa chake mu May 2008 mayiko anagwirizana ku Dublin pangano loletsa kupanga, kusunga, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito zidazi. Malawi inasaina ku Oslo mu December chaka chomwecho, n'kulivomereza mu 2009, ndipo msonkhano wachinayi wa mayiko a m'panganoli unachitikira ku Lusaka mu 2013. Ine ndimaona kuti apa tinachita bwino, ngakhale kuti kulonjeza kusiya fodya n'kosavuta kwa munthu amene sanasutepo. Eni ake enieni a zidazi, America, Russia ndi China, sanalowemo, ndipo ku Ukraine zikuponyedwabe.

Funso lokambirana m'magulu: msilikali akaponya bomba mu 1977, mwana n'kudzalitola patapita zaka 30, wapha mwanayo ndani?