Malangizo: Chotupa cha Kachiwalo ka Pansi pa Ubongo



Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kachiwalo kochepa ngati nsawawa kotchedwa pituitary. Ndiko kamalamulira kukula kwa thupi, msambo ndi mkaka wa m'mawere. Chotupa chikamera pamenepo, mutu umapweteka kosalekeza ndipo maso amasiya kuona zam'mbali, moti njinga imakudutsani osaiona. Mayi wosayamwitsa amatuluka mkaka, msambo n'kusiya. Ena zala zimakula mpaka mphete kukana.

Amayi ambiri otere anyozedwa kuti ndi osabereka, ena kuti analodzedwa. Zimandiwawa, chifukwa zotupa zambiri zotere si khansa ndipo zimachizika.

Zina zimaphwa ndi mapiritsi a bromocriptine kapena cabergoline. Zina madokotala amazichotsa kudzera m'mphuno. Kachidutswa kakatsalira, pali radiosurgery, njira imene dokotala wa ku Sweden, Lars Leksell, anayambitsa. Palibe mpeni: cheza champhamvu chimachokera mbali zambiri n'kukumana pa chotupa chokhacho, kawirikawiri tsiku limodzi. Imafuna chotupa chaching'ono chotalikirana ndi mitsempha ya maso. Zotsatira zimabwera pang'onopang'ono, miyezi ngakhale zaka, ndipo kachiwaloko kakhoza kufooka, choncho magazi aziyezedwa chaka ndi chaka. Makina ochitira zimenezi, otchedwa Gamma Knife, alipo ku Johannesburg.

Koma ulendo umayambira kwathu konkuno. Pitani kukiliniki, akutumizeni ku Chipata Central Hospital, kumene angakulembereni kalata ya ku chipatala cha UTH ku Lusaka. Maso akayamba kuchita chidima, musadikire mpaka mutakolola.