Phunziro la sabata ino: Kodi dzuwa limene likufika pa mbewu zathu ndi lochuluka bwanji?

Alimi anzanga, kuno ku Mulanje timakolola chimanga mu Epulo ndi Meyi, ndipo tisanamalize kuyanika, chiperoni amakhala wafika. Chimanga chikalowa m'thumba chisanaume chimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi komanso kupinimbiritsa ana. Lero tiphunzira kuyeza mphamvu ya dzuwa ndi ndodo ndi chingwe basi, kuti tidziwe maola oyenera kuyanika.

Zimene zimachitikira kuwala panjira

Pamwamba pa mlengalenga, malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi oyang'anizana ndi dzuwa amalandira mphamvu ya mawati pafupifupi 1,361. Sikuti yonseyo imafika pansi. Tikatenga dziko lonse pa chaka, mwa magawo 100 a kuwala, pafupifupi 30 amabwezedwa kumwamba ndi mitambo, mpweya ndi nthaka yomwe. Pafupifupi 23 amamwedwa mumlengalenga ndi nthunzi ya madzi, fumbi ndi mipweya ina. Otsalawo, pafupifupi 47, ndi amene amalowa m'nthaka ndi m'madzi.

Kuwala kumachepa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kumwazika: kukagunda mpweya, utsi kapena timadontho ta mtambo, kumabalalika mbali zonse. Mpweya umamwaza kwambiri kuwala kobiriwira ngati thambo, n'chifukwa chake kumwamba kumaoneka mtundu umenewo, ndipo dzuwa polowa limafiira. Mu Seputembala ndi Okutobala limafiira msanga chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire. Njira yachiwiri ndi kumwedwa: kuwalako kumasanduka kutentha mumpweya momwemo.

Zipangizo

Gulu lililonse likhale ndi ndodo yowongoka, chingwe cha mamita 4, tepi yoyezera, kope ndi cholembera.

Zochita

1. Sankhani malo athyathyathya pamene mumayanikapo. Zikani ndodo chilili, gawo looneka pamwamba pa nthaka likhale mita imodzi ndendende.
2. Mangani chingwe pansonga pa ndodo, muchikoke mpaka pamene mthunzi wa ndodoyo wathera.
3. Yezani chingwecho, mulembe nthawi ndi kutalika kwake.
4. Bwerezani 7 koloko, 9 koloko, 12 koloko, 2 koloko ndi 4 koloko.

Kutalika kwa chingwe ndiko kukutiuza utali wa ulendo wa kuwala mumpweya. Dzuwa likakhala paliwombo penipeni, mthunzi palibe, chingwe chimangotsata ndodo, mita imodzi. Umenewo ndiwo ulendo waufupi kwambiri. Chingwe chikakwana mamita 2, kuwala kwadutsa mpweya wochuluka kawiri.

Kawerengedwe kake

Tiyerekeze kuti tsiku lopanda mitambo, pa ulendo waufupiwo, magawo 70 mwa 100 ndi amene amadutsa molunjika.

Chingwe cha mita imodzi: pansi pafika 70.

Chingwe cha mamita 2: kuwala kwasefedwa kawiri. Pa 70 aja padutsanso 7 mwa 10 aliwonse, patsala 49. Popeza dzuwa lapendekeka, kuwalako kukuyalidwa pa malo aakulu kawiri, ndiye tigawe ndi 2. Yankho ndi pafupifupi 25.

Chingwe cha mamita 3: 49 aja asefedwanso, patsala 34. Tikagawa ndi 3, tipeza 11.

Taonani: dzuwa la chingwe cha mamita 3 likuchepa kuposa kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi la paliwombo, ngakhale kunja kukuoneka kowala bwino. Masamuwa ndi a kuwala kolunjika kokha. Komwazika kuja kumawonjezerapo pang'ono, ndipo kumathandiza masamba a m'munsi amene ali pamthunzi, monga nandolo wakasakaniza ndi chimanga.

Mmene zilili kwathu kuno

Mulanje ali pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa mzere wa Equator. Dzuwa limadutsa paliwombo kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale. Mu Juni limadzera kumpoto, moti ngakhale masana mthunzi wa ndodo yathu umatalika masentimita pafupifupi 82 kuloza kummwera, chingwe n'kukhala mita 1.3. Pamenepo pansi pamafika pafupifupi 48 okha. Mwezi umenewu chingwe chimakwana mamita 2 cha m'ma 8:30 m'mawa, n'kudzakwananso itatsala pang'ono 3 koloko masana.

Phiri nalo lili ndi gawo lake. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo midzi ya kumadzulo kwa phiri, monga ya ku Likhubula, dzuwa limachedwa kuitulukira. Tsiku la chiperoni, mukaona ndodo ilibe mthunzi, dziwani kuti kuwala kolunjika kulibe, kwatsala komwazika kokha, ndipo mpweya uli ndi chinyezi.

Tichitenji tsono?

Yanikani pamene chingwe chili chochepera mamita 2. Mu Meyi, Juni ndi Julayi imeneyi ndi nthawi ya pakati pa 9 koloko ndi 2 koloko. Mukayala mbandakucha, chimanga chimangomwa mame.

Poyanikira pasakhale mtengo kapena nyumba kumpoto kwake. Yalani pa lona kapena pamphasa, osati padothi, mopyapyala, n'kumatembenuza. Tsiku lopanda mthunzi, yalani m'nyumba modutsa mphepo, osaunjika.

Musanathire m'thumba, chinyezi chisapitirire 13 pa 100. Ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, mutseke, mukhutchumule, mudikire mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume.

Amene muli ndi sola, ipendeketseni pang'ono kuyang'ana kumpoto, ndipo muzipukuta fumbi.

Mafunso okambirana

1. Kodi pagulu lanu chingwe chinafupika kwambiri nthawi yanji?
2. Chingwe chikakhala mamita 4, pansi pafika magawo angati?
3. Ndi mabanja angati pagulu lanu amene poyanikira pawo pali mthunzi kumpoto?

Sabata yamawa gulu lililonse libwere ndi kope lake komanso chimanga chodzaza dzanja kuchokera m'matumba a kunyumba, tidzachiyeze ndi mchere tonse pamodzi.