Kodi sukulu ya za panyanja ndi ya usilikali?

Ophunzira ambiri a pa SUNY Maritime College ku New York amavala yunifolomu ndi kuchita perete. Mukawaona mungati ndi asilikali, koma ayi. Sukuluyi, imene inayamba mu 1874, imasula oyendetsa sitima zamalonda ndi mainjiniya ake. Mwambo wokhwimawo uli ndi chifukwa chake: moto ukabuka pakati pa nyanja, palibe nthawi yotsutsana ndi kaputeni.

Komabe si sukulu zonse zili choncho. United States Merchant Marine Academy ya ku Kings Point, m'boma lomwelo la New York, ndi ya boma la America, ndipo ophunzira salipira fizi. Ulerewo uli ndi chingwe chake. Womaliza maphunziro amakhala ofesala wa asilikali odikira kuitanidwa, ndipo nkhondo ikavuta angathe kumuitana. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ophunzira ake 142 anataya miyoyo yawo. Chimene chimasiyanitsa sukulu ziwirizi si chovala, koma pangano limene wophunzira amasainira.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo. Mu 1864 atsogoleri a mpingo wathu anauza boma la America kuti Aadiventi sanyamula zida. Ndipo Joseph Bates, mmodzi wa oyambitsa mpingo, anazilawa mbali zonse ziwiri: mu 1810 anamugwira ku Liverpool n'kumulowetsa mokakamiza m'gulu lankhondo la panyanja la Britain, koma pambuyo pake anadzakhala kaputeni wa sitima yamalonda.

Choncho musanalembetse, werengani panganolo bwinobwino. Funsaninso za Sabata, pakuti sitima siima Lachisanu dzuwa likalowa.