Madzi a Mpunga ndi Shampu Wouma: Mayankho a Makalata Ochokera ku Sharpevale

Makalata ambiri amene afika sabata ino ndi ochokera ku Sharpevale m'boma la Ntcheu ndi midzi ina ya m'chigwa cha Bwanje, kumene mpunga si wosowa, ndipo akukhudza madzi otsukira mpunga komanso shampu wouma, amene amagulitsidwa ali chibulumwa ngati sopo m'malo mokhala m'botolo. Mayankho onse atsamira pa mfundo yakuti tsitsi limene limaoneka kunja ndi lakufa, lopangidwa ndi puloteni yotchedwa keratini, ndipo chamoyo ndi muzu wokha umene uli m'kati mwa khungu la m'mutu.

Funso: Mayi ena a pa msika wa Sharpevale amva kuti madzi a mpunga amakulitsa tsitsi msanga, ndipo akufunsa ngati asiye kutaya madzi amene amatsukira mpunga wawo wa Kilombero.

Yankho: Mbiri ya madzi amenewa inabuka chifukwa cha akazi a m'mudzi wa Huangluo m'chigawo cha Guangxi ku China, amene tsitsi lawo limapitirira mita imodzi ndipo amalisambitsa ndi madzi a mpunga osasa. Mtundu wawo umatchedwa Yao, koma palibe ubale ndi Ayao a ku Mangochi kapena ku Machinga, maina angofanana chabe. Ku Japan nakonso akazi a kunyumba yachifumu m'nyengo ya Heian, kuyambira mu 794 mpaka mu 1185, amanenedwa kuti ankapesa tsitsi ndi madzi oterewa. Komabe tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, la anthu akuda limachedwerako pang'ono, ndipo liwiro limeneli limadalira mtundu, zakudya ndi thanzi la mwini wake, osati zimene zathiridwa pamwamba. Ntchito ya madzi a mpunga ili pena. Tsitsi lililonse lili ndi timamba tosanjikizana ngati mamba a chambo, ndipo sitachi, amene ndi ufa woyera umene umachititsa madziwo kuoneka ngati mkaka, amamatira pa timambato n'kulichititsa kuterera, motero silikolanakolana pofika nthawi yopesa. Izi n'zofunika kwa tsitsi lopotana, chifukwa pamene lapindika m'pamene limadukira, ndipo ambiri odandaula kuti tsitsi lawo silikula ndi oti likukula ndithu koma likuduka kunsonga. Tsono mayiwa asawataye madziwo, kupatula otsukira koyamba, koma asaiwalenso kuti akazi a ku Huangluo, mwa mwambo wawo, amameta kamodzi kokha pa moyo wawo wonse.

Funso: Mtsikana wina wa ku Kasinje anavundikira madzi a mpunga kwa sabata yathunthu, ndipo atawagwiritsa ntchito mutu unanunkha, tsitsi n'kuuma gwa ngati khonje. Akufunsa pamene analakwitsa.

Yankho: Zolakwika zilipo ziwiri, kusasitsa mopitirira ndi kusatsukuluza. Madzi oyamba otsukira mpunga ayenera kutayidwa, pakuti amakhala ndi fumbi la kuchigayo ndipo mwinanso mankhwala ophera anankafumbwe amene mbewu imasungidwa nawo m'matumba. Kenako kapu imodzi ya mpunga iviikidwe m'makapu awiri kapena atatu a madzi oyera kwa mphindi 30, n'kusefa. Wofuna kuwasasitsa awasunge m'botolo lotsuka bwino, koma ndi kutentha kwa m'chigwa cha Bwanje, makamaka mu Okotobala ndi Novembala, tsiku limodzi n'lokwanira, ndipo madzi amene achita nguwi kapena fungo loola ndi otaya. Madziwo asungunulidwe ndi ena oyera, akhale m'mutu kwa mphindi 10 mpaka 20, kenako atsukuluzidwe kotheratu, ndipo kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri n'kokwana, chifukwa sitachi akaunjikana amaumitsa tsitsi ngati mmene amaumitsira kolala ya malaya. Amene aluka kapena kuika mawivi angodikira mpaka atamasula.

Funso: Bambo ena amene ali ndi malo ometera ku Bilila akufunsa ngati shampu wouma sali sopo wamba amene wangokwezedwa mtengo, ndiponso ngati sopo wochapira zovala sangagwire ntchito yomweyo.

Yankho: Kukayika kwa bambowa kuli ndi maziko, popeza zinthu ziwiri zosiyana zimagulitsidwa ndi dzina limodzi. Kusiyana kwake kumaoneka pa muyeso wotchedwa pH, umene umayambira pa 0 kufika pa 14 ndipo umasonyeza ngati chinthu chili mbali ya asidi, monga ndimu, kapena mbali ya chidulo. Khungu la m'mutu lili pafupifupi pa 5.5, pamene sopo weniweni, wopangidwa posakaniza mafuta ndi soda woyaka, amakhala pa 9 kapena 10, ndipo sopo wotere amatukula timamba tija, tsitsi n'kukhala lokhakhala. Shampu wouma weniweni amapangidwa ndi zotsukira zofatsa zofanana ndi za m'botolo, madzi okha ndiwo achotsedwa, ndipo pa chikutiro chake pamalembedwa maina monga sodium cocoyl isethionate. Pakalembedwa sodium palmate kapena sodium tallowate, ameneyo ndi sopo basi, kaya wanunkhira motani.

Nkhaniyi imakula chifukwa cha madzi. Mijigo ina imatulutsa madzi okhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu wambiri, amene amadziwika ndi kuvuta kuchita thovu komanso ndi litsiro lotuwa limene limatsala m'mbali mwa beseni munthu akatha kusamba. Litsiro lomwelo ndi limene limakanirira m'tsitsi la wosamba ndi sopo, pamene shampu weniweni sachita zimenezi. Amene alibe china koma sopo atsukuluze ndi theka la lita ya madzi othiramo supuni imodzi ya viniga kapena madzi a ndimu, ndipo m'dzinja agwiritse ntchito madzi a mvula. Chibulumwa cha shampu wouma chipakidwe m'manja kaye, thovu lake ndilo lipite m'mutu, ndipo chikatha ntchito chiikidwe pouma, apo ayi chimasungunuka ndalama n'kupita pachabe. Ubwino wake wina ndi wakuti sichisiya botolo lapulasitiki kudzala.

Funso: Agogo ena a ku Sharpevale akhala akusambitsa mdzukulu wawo ndi madzi a mpunga kwa mwezi wathunthu chifukwa m'mutu mwake mwatuluka timabwalo totuwa pamene tsitsi lasosoka, koma timabwaloto tikungokula.

Yankho: Zizindikiro zimenezi zikufanana ndi chipere, matenda oyambitsidwa ndi tizilombo ta mtundu wa bowa timene timalowa m'kati mwa tsitsi mpaka kumuzu, kumene madzi a mpunga, shampu ngakhale mankhwala opaka sangafike. Chipere cha m'mutu chimachizika ndi mankhwala akumwa monga griseofulvin, amene amamwedwa kwa masabata 6 mpaka 8 motsatira malangizo a kuchipatala, ndipo chimafala kudzera m'zipeso, zipewa, mapilo ndi makina ometera osatsuka, mfundo imene bambo a ku Bilila aja ayeneranso kuisunga. Agogowa asiye kaye madzi a mpunga, ampatse mwanayo chipeso ndi thaulo lakelake, ndipo apite naye kuchipatala cha pafupi sabata ino isanathe, pamodzi ndi ana ena onse amene amagona naye pamphasa imodzi.